Mmisiri wa Zitsime ndi Mchenga Wakuda wa M'dambo

Fanuel Makwinja anafika ku Mchinji ali mnyamata, atakwera pamwamba pa lole imene inkatolera matenanti ku Phalombe. Analima fodya pa esiteti ina kufupi ndi Chiosya mpaka mwini wake atatopa ndi mitengo ya ku okushoni n'kubwereketsa malowo kwa olima soya. Anzake ambiri anabwerera kwawo. Iye anatsala chifukwa anali atakwatira Imelda, wa m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo, ndipo anamanga nyumba kuchikamwini, kuseri kwa khola la mbuzi la apongozi ake.

Munda umene ankalima sunali wake. Unali wa mbumba ya kwa Imelda, ndipo mwinimbumba anali Eneya, mlongo wake wa Imeldayo. Eneya sanali munthu woipa. Ankabwereketsa ngolo yake osanyinyirika, ndipo Princess, mwana woyamba wa Fanuel, atasankhidwa kupita ku sekondale, ndi Eneya amene anagulitsa mbuzi. Kungoti pakakhala nkhani ya malo, ankayankhula ngati mlamu wakeyo palibe.

Chimene chinam'patsa dzina Fanuel m'derali chinali kukumba zitsime. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, thupi loyenera dzenje lopapatiza. Zida zake zinali khasu la mpini waufupi, piki, ndowa ndi chingwe cha manila chimene sankabwereketsa kwa munthu aliyense. Ankakumba m'chilimwe madzi atathawira pansi, n'kumangira njerwa m'kati kuti khoma lisagumuke. Sanali wolankhulalankhula. Anthu ankati munthu wozolowera kukhala pansi pa nthaka yekhayekha mawu amam'thera komweko.

M'chaka cha 2023 munayamba kudutsa magalimoto oyera m'misewu ya m'minda. Inali kampani yofufuza miyala ya m'nthaka, ndipo inkafuna amuna odziwa kukumba. Fanuel analembedwa tsiku loyamba lomwelo. Ntchito yake inali yozunguza chitsulo chachitali chobowolera nthaka, chimene ankachitcha oga. Anthu awiri ankachizunguza, chikamalowa n'kumalumikiza mapaipi ena, ndipo dothi lililonse lotuluka ankalithira m'thumba lakelake. Woyang'anira gulu lawo anali Temwani, mayi wachitsikana wa ku Rumphi amene anaphunzira za miyala ku yunivesite. Ankavala nsapato zazikulu za zingwe ndipo ankadya mbatata yophika limodzi ndi anyamata ake pansi pa mtengo.

Ndi Temwani amene anawauza chimene ankafuna. Anatapa dothi m'beseni, n'kulitsuka ndi madzi mpaka pansi panatsala kamchenga kolemera, kakuda mofiirira. Anati dzina lake ndi rutayilo, ndipo akakasungunula kamatulutsa chitsulo chopepuka koma cholimba chimene amapangira ndege, ndi zida za nkhondo zomwe. Anati mayiko akuluakulu, America ndi anzake mbali ina, China mbali ina, aliyense akuopa kuti mnzake agwira migodi yonse ya zinthu zoterezi n'kumutsekera mpopi. Fanuel anamvetsera, koma za mayikozo anaziona kuti zili kutali. Chimene chinam'gwira mtima n'chakuti mchenga umenewu wakhala akuutaya pambali pa zitsime zaka zonsezi.

Madzulo a tsiku lina akudya ndi Eneya pabwalo, anangotchula mocheza kuti pa mabowo onse amene anabowola, la m'mphepete mwa dambo, kumunsi kwa dimba la banja lawo, ndi limene linadetsa beseni kwambiri. Eneya anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti akhala akubzala mpiru pamwamba pa ndege. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Patapita miyezi, zinthu zinasintha kuntchito. Kunabwera bwana wochokera ku Lilongwe, n'kuwasonkhanitsa onse. Anati anthu amene aika ndalama m'kampaniyi sakufuna kuti ngakhale kambewu kamodzi ka mchengawo kapite kwa opikisana nawo, ndiponso sakufuna kuti wina adziwe pamene pali wambiri. Aliyense wopezeka akuulula zimene waona m'mabowo achotsedwa nthawi yomweyo. Kuyambira tsikulo mafoni ankasiyidwa m'galimoto, ndipo matumba ankawamanga ndi zingwe za pulasitiki zosamasulika.

M'midzi namo munali mutalowa mphekesera. Ena ankati mgodi ukayamba anthu onse asamutsidwa. Ena ankati ayi, adzakumba n'kubwezeretsa nthaka. Palibe amene ankadziwa, ndipo akam'funsa Fanuel iye ankati sakudziwanso. Anthu sankam'khulupirira. Pamaliro amuna ankatsitsa mawu iye akafika.

Nthawi imeneyo ndi imene anatulukira munthu wina wachilendo dzina lake Vincent. Ankayenda pa njinga yamoto yatsopano, ndipo Chichewa chake chinali ndi kafungo ka ku Chipata. Anam'peza Fanuel pa msika wa Chiosya akukonzetsa tayala la njinga, n'kumuitanira kuseri kwa chigayo. Pempho lake linali laling'ono, anatero: dzanja limodzi la dothi kuchokera pa bowo lililonse, ndi kum'lozera malo ake. Fanuel anakana. Sikuti anakana molimba mtima ayi. Anangoti ali ndi ana asukulu ndipo sakufuna milandu, n'kukwera njinga yake tayala lisanapopedwe bwino. Amene ankam'tuma Vincent sanadziwike mpaka lero. Ena amati anali ogula a ku China, ena amati a ku Dubai, ena amati anali munthu wongodziyendera amene amagulitsa kwa aliyense.

Sipanathe milungu iwiri, Imelda anauza mwamuna wake kuti njinga yamoto ija yakhala ikuima kwa achimwene ake. Kenako kumunsi kwa dimba kunaoneka mulu wa dothi.

Fanuel anapita kukaona Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. Anapeza dzenje lalikulu, lakuya kupitirira anthu awiri oimirirana, ndipo pansi pake Eneya anali atayamba kukumba cham'mbali, kutsata mzere wakuda. Pafupi panali mabeseni otsukira ndi matumba ang'onoang'ono omwe anyamata a kabaza ankawatenga kudzera njira za m'tchire zolowera ku Zambia. Fanuel anagwira khoma la dzenjelo, dothi n'kum'yoyokera m'manja. Anauza mlamu wake kuti dothi la m'dambo silikumbidwa cham'mbali popanda mitengo yochirikiza, ndipo mvula ikangogwa kamodzi lidzakhala ngati phala.

Eneya anapukuta thukuta, n'kumuyang'ana kuchokera pansipo.

"Alamu, inu mukukumbira alendo dothi la amayi anga, mwezi ukatha akukupatsani malipiro. Ine ndikakumba langa lomwe ndalakwa? Mawa akadzatichotsa pano, ndidzanyamula chiyani?"

Fanuel anangobwereza za mitengo ija, ndipo Eneya anati wamva.

Kuyambira pamenepo Fanuel ankapita kuntchito mtima uli m'mwamba. Dzenjelo linali m'dera limene boma linapatsa kampani kuti ifufuze. Akanena kwa Temwani, apolisi akanabwera kudzatenga mlongo wa mkazi wake, ndipo iye, mkamwini wochokera ku Phalombe, sakanakhalanso m'mudzimo. Akapanda kunena, tsiku lina zidzadziwika ndipo adzafunsidwa kuti Eneya anadziwa bwanji pokumba. Temwani akamuyang'ana nthawi yaitali, iye ankaweramira pa oga. Kunyumba Imelda anasiya kutchula dzina la mlongo wake. Ankapita kwa amayi ake n'kubwerako osanena zimene akambirana.

Mu Okotobala 2025 wailesi inalengeza kuti boma laletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa. Apolisi anachuluka mumsewu wa ku bodala, ndipo malole ankaima nthawi yaitali akusechedwa. Fanuel anaganiza kuti Vincent asowa. M'malo mwake anayamba kubwera pafupipafupi, akufulumizitsa kuti mchenga wambiri utuluke mvula isanatseke njira za m'tchire. Eneya analemba waganyu woti azim'thandiza pansi. Anali Lameki, tenanti wa pa esiteti ina yapafupi amene fodya wake sanachite bwino chaka chimenecho. Naye anali wa ku Phalombe, cha ku Chiringa, ndipo akakumana ndi Fanuel ankapatsana moni m'Chilomwe.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala, yamphamvu. M'mawa mwake kunacha bwino, ndipo gulu la Temwani linali m'munda wina kutsidya kwa dambo. Dzuwa litakwera pang'ono, Temwani anapita kugalimoto kukatenga madzi akumwa, n'kumva foni ina ikulira osalekeza pakati pa mafoni a antchito. Anaiyankha. Fanuel anamuona akubwera chothamanga, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Bambo Makwinja, ndi akazi anu. Akuti dzenje lagumukira anthu awiri kudimba kwanu."

Temwani sanam'funse kuti ndi dzenje lanji. Anauza ena kuti aponye mapaipi a oga ndi mafosholo m'galimoto, iye n'kuyendetsa yekha. Panjira anaima panyumba pa Fanuel kuti atenge khasu lake lalifupi ndi chingwe.

Kudimba anapeza anthu atadzaza m'mphepete mwa dzenje, ena akukumba ndi makasu kuchokera pamwamba, amayi akulira. Mbali imodzi ya khoma inali itatsetsereka n'kutseka pakamwa pa phanga lija limene Eneya ankakumba cham'mbali. Fanuel anaona ming'alu ikuyenda pansi pa mapazi a anthuwo. Anawauza kuti abwerere m'mbuyo, koma mawu ake sanamveke. Imelda ndi amene anawathamangitsa, akukankha ngakhale amalume ake, mpaka m'mphepete munayera. Kenako Fanuel anapempha kuti aliyense akhale chete.

Anamanga chingwe m'chiuno, mbali ina n'kupatsa anzake a kuntchito, ndipo anatsikira pa dothi logumukalo. Analowetsa paipi pang'onopang'ono mopendeketsa, kulunjika kumene kunali phanga. Inalowa movutikira, kenako inapepuka m'manja, kusonyeza kuti yafika pamphako. Anaitulutsa, n'kuchotsa dothi linatseka kukamwa kwake, n'kuibwezeramo. Anaika khutu. Poyamba anangomva magazi ake akugunda. Kenako kunamveka kubuula, ndiponso dzina lake likutchulidwa chapansipansi.

Anakweza mutu n'kunena kuti akufuna zitseko. Anthu anayang'anana. Anabwereza kuti zitseko za nyumba, zamatabwa, ndi mitengo ya bulugama ya pa chigafa cha fodya. Achinyamata anathamangira kumudzi n'kuyamba kuzula. Zitafika, Fanuel anaziimika motsamira khoma lotsalalo n'kuzichirikiza ndi mitengo yopingasa, ndipo m'kati mwa mpata umenewo ndi mmene anayamba kukumba. Munkakwana munthu mmodzi yekha. Ankadzaza ndowa, ena n'kukoka, Temwani ali chogwada pamwamba akuyang'anira ming'alu kuti ikangosuntha amuuze.

Dothi linali lonyowa, lomata pa khasu. Pansi madzi anali atayamba kutuluka. Atafika pamene paipi inalowera anasiya khasu n'kumakumba ndi manja. Anakhudza tsitsi, kenako khutu. Anali Eneya, atakwiririka mpaka pachifuwa, mutu wake uli pansi pa wilibala imene inagwa mopendekera n'kum'siyira kampata kopumira. Maso ake anali odzaza matope. Fanuel anawapukuta ndi malaya ake.

"Lameki ali kutsogoloku," anatero Eneya. "Anali akutsokomola. Wasiya posachedwapa."

Fanuel anaitana m'Chilomwe kudzera pamwamba pa phewa la mlamu wake. Sikunamveke kanthu. Njira yopita kwa Lameki inali imodzi yokha, ndipo thupi la Eneya ndi limene linaitseka. Madzi anali atafika m'nthiti mwa Eneyayo. Panalibe kuchitira mwina koma kuyamba ndi iye.

Ali pakati pomufukula m'chiuno, Temwani anakuwa kuti atuluke. Dothi lina linatsetsereka n'kumenya chitseko chimodzi, mtengo wopingasa n'kulira ngati uthyoka. Anzake anakoka chingwe, koma Fanuel anachigwira n'kuwauza kuti asiye. Anatsamiritsa msana wake pachitsekocho mpaka anamutsitsira mtengo wina, n'kuukhomera ndi chidendene. Eneya anali akunjenjemera, akubwereza mawu amodzimodzi kuti asamusiye. Fanuel anapitiriza kukumba.

Mwendo wakumanzere unali utapindikira pansi pa chibuma chachikulu, ndipo pouchotsa Eneya anakomoka. Anam'manga chingwe m'khwapa n'kum'kweza dzuwa litapendeka kale. Temwani anam'goneka kumbuyo kwa galimoto ya kampani, Imelda n'kukhala pambali pake, ulendo wa kuchipatala cha ku boma.

Fanuel anamwa madzi pang'ono n'kubwereranso pansi. Anthu ena anamuuza kuti apume, alowe wina, koma panalibe wina wodziwa kuyenda m'dothi lotere. Anakwawa m'phangamo chafufumimba, akuchirikiza denga ndi zidutswa za matabwa. Anam'peza Lameki chakumadzulo, atagona chammbali, beseni lili pafupi ndi dzanja lake. Thupi linali litazizira kale. Atatuluka naye, Fanuel anakhala pansi pa mzere wa mpiru, manja akutuluka magazi m'zikhadabo.

Temwani sakanatha kubisa. Galimoto ya kampani inali itaonedwa kuchipatala, mapaipi anali m'dzenje, ndipo munthu anali atafa m'dera lawo. Patapita masiku awiri bwana wa ku Lilongwe uja anabwera ndi apolisi. Anam'funsa Fanuel ngati ndi iye anauza Eneya pokumba. Iye anati anatchulapo kamodzi, lamulo lisanabwere, akucheza pachakudya. Anam'funsa ngati ankadziwa za dzenjelo, ndipo anavomera. Anam'funsa chifukwa chimene sananenere. Anati ndi mlamu wake. Bwanayo sanakalipe. Anati akumvetsa, ndiponso wamva zimene anachita pansi paja, koma eni ndalama akunja akafunsa, iye ayenera kuwaonetsa kuti wachitapo kanthu. Ntchito inathera pamenepo. Apolisi anam'sunga pang'ono akufunsa za Vincent, koma Fanuel ankangodziwa dzina ndi mtundu wa njinga. Foni ya Vincent inali itazimitsidwa kuyambira tsiku la ngoziyo.

Lameki anaikidwa kumanda a pa esiteti, kumene amaika anthu obwera. Abale ake sanathe kufika. Fanuel ndi amene anaimira akwawo, ndipo ndi amene anaimbira foni amayi ake a malemuyo ku Chiringa. Mkazi wa Lameki, Luwiza, anakhala kwa Imelda mpaka sabata itatha, kenako Fanuel anam'perekeza ndi ana ake awiri mpaka pa Kamwendo pokwerera minibasi. Luwiza sanam'funse chifukwa chimene anayambira ndi Eneya. Fanuel anafuna kumufotokozera za mmene phanga linalili, koma minibasi inadzaza asanapeze poyambira.

Eneya anatuluka m'chipatala Khirisimasi itadutsa, mwendo uli ndi zitsulo. Mlandu wake wokumba popanda chilolezo unathera pa chindapusa, ndipo ngolo ija inagulitsidwa. M'mudzi anthu anagawikana. Ena ankati Fanuel anapulumutsa mlamu wake. Ena ankati pakanapanda pakamwa pake dzenjelo silikanakumbidwa. Apongozi ake ankanena zonse ziwiri, kutengera tsiku. Eneya mwini wake sanayankhulepo za tsikulo. Chimene anachita n'chakuti pa msonkhano wa mbumba wokambirana za zipilala zimene kampani inayamba kuzika m'minda, anatumiza mwana kukaitana Fanuel, ndipo atafika anam'funsa maganizo ake pamaso pa onse. Fanuel anati asasaine kanthu kalikonse asanapeze munthu wodziwa malamulo woti awawerengere, ndipo anthu anagwirizana nazo.

Anabwerera ku zitsime, koma ntchito kwawoko inachepa. Palibe amene akufuna kuwononga njerwa ndi simenti pa chitsime asakudziwa ngati adzakhalepo zaka zikubwerazi. Tsopano amapalasa njinga mpaka cha ku Ludzi, kumene mphekesera za mgodi sizinafike kwenikweni, ndipo amagona komweko mpaka Loweruka. Akumva kuti njinga zamoto zayamba kuima m'dambo lina kumpoto, ndipo anatumiza uthenga kudzera kwa mkulu wa mpingo wa kumeneko wonena za mitengo yochirikiza. Sakudziwa ngati unafika.

Mwezi wathawu Temwani anamuimbira foni. Mayiyo anali atasamutsidwira ku ofesi ku Lilongwe pambuyo pa ngozi ija. Anati m'kampani mwalowa eni ndalama atsopano ochokera kudziko lina, mabwana asintha, ndipo m'chilimwe chino adzafuna anthu ambiri obowola. Anati akhoza kutchula dzina lake ngati iye akufuna. Fanuel anathokoza, n'kunena kuti ayambe wakambirana ndi kunyumba.

Atamuuza Imelda, mkaziyo anali akusenda mtedza pakhonde. Anafunsa kuti eni ndalama atsopanowo ndi a mbali iti, ya America kapena ya China. Fanuel anati sanafunse.

"Bambo a Princess, fizi ya mwana ikufunika mu Sepitembala," anatero Imelda. "Koma mukabwererako, mudzauze madamuwo kuti foni yanu izikhala m'thumba mwanu."

Fanuel sanaimbebe foni kwa Temwani. Lolemba m'mawa anamangirira piki ndi ndowa pa kaliyala, n'kunyamuka kupita ku Ludzi, kumene mayi wina woweta nkhumba akudikira kuti chitsime chake chifike pamadzi.